Dzino lakumapeto ndi tsaya limene linasiya ntchito

Mwana wanga wachisamba anayamba kudya mopendeketsa mutu ali ndi zaka 7. Akatapa chimanga chokazinga m'mbale, ankachiponya m'kamwa n'kuchikankhira kumanja ndi lilime, mutu nawo n'kupendekera komweko. Nzimbe ankazikonda kwambiri, koma anazisiya osanena chifukwa. Akamwa madzi a m'firiji ankatsinzina, kugwira tsaya lakumanzere, n'kunena kuti, "Amayi, akundilasa." Nthawi yotsuka mano ndiye inali nkhondo. Mswachi unkayenda bwinobwino kutsogolo ndi kumanja, koma ukangofika kumapeto kumanzere, misozi.

Nditamuyasamitsa pawindo ndinaliona. Dzino lalikulu lakumapeto, la m'munsi, lachikasu chodera, nsonga yake imodzi itanyenyeka. Agogo ake atasuzumira anati, "Lisiyeni amake mwana, limenelo ligwa lokha, limera lina." Azakhali ake sanavutike n'kuyang'ana komwe. "Maswiti amenewo. Ana a m'tauni."

Onse awiri ankalankhula zimene anthu ambiri akanalankhula, ndipo onse awiri sanalase.

Dzino limene silidikira linzake kugwa

Mano aubwana alipo 20. Tinazolowera kuti limodzi likagwedera n'kuguluka, pamalo pake pamamera lachikulire. Koma pali mano achikulire amene satsata lamulo limeneli, ndipo oyamba mwa iwo ndi anayi. Amamera mwana ali ndi zaka pafupifupi 6, kumbuyo kwa mano onse aubwana, awiri m'mwamba, awiri m'munsi, popanda dzino lililonse kugwa. Palibe choponya padenga, palibe mpata woseka nawo mwana. Amangotulukira mwakachetechete, ndipo makolo ambiri amawawerengera m'gulu la mano aubwana. Dzino la mwana wanga linali limodzi mwa amenewa. Likanagwa, sipakanamera lina.

Mano amenewa ndi akuluakulu, ndipo ntchito yambiri yotafuna imagwera pa iwo. Komanso m'zaka zimene mano aubwana akuguluka limodzilimodzi, ndi iwowa amene amagwira nsagwada kuti zizikumana pa msinkhu woyenera. Dokotala wa mano wa ku America, Edward Angle, pamene ankagawa mitundu ya kalumidwe ka anthu mu 1899, anayambira pa mano omwewa: la m'mwamba likugwera pati pa la m'munsi. Mpaka lero ophunzira za mano amayambira pomwepo.

Zala pamasaya

Kuchipatala tinapeza dokotala wa mano, mayi wachikulire ndithu, wolankhula pang'onopang'ono. Ine ndinkayembekeza kuti atenga kagalasi ndi kachitsulo kosongoka kaja, ayang'ane, atiuze mtengo. Iwo anayamba ndi zina. Anamukhazika mwana mowongoka, osamugoneka, n'kuika zala zawo pamasaya ake onse awiri, chapafupi ndi pamene nsagwada imakhotera.

"Luma mano, mwana wanga. Mwamphamvu. Masula. Lumanso."

Anachita zimenezi kangapo, kenako anatembenukira kwa ine. "Mayi, tabwerani ndi manja anu." Anagwira zala zanga n'kuziika pomwe panali zawo. Mwana ataluma, kumanja kunatupa nthawi yomweyo, mnofu wolimba gwa kukankha zala zanga. Kumanzere kunabwera mochedwa, mofewa, n'kubwerera msanga. Anasunthira zala zanga m'mbali mwa mutu, pamwamba pang'ono pa makutu. Ndinali ndisanadziwe kuti pamenepo pamagunda munthu akaluma. Pamagunda ndithu, ndipo naponso mbali ziwirizo sizinkafanana.

Atatero m'pamene anatsegula kamwa. Asanandionetse dzino lodwalalo anandionetsa anzake oyandikana nalo. Kumanja mano anali oyera, nkhama zabwinobwino. Kumanzere, m'mwamba ndi m'munsi momwe, mano anali atayanga zachikasu m'mphepete, nkhama zitafiira. Kutafuna pakokha kumapukuta mano, ndipo mbali imeneyi inali isakutafuna, mswachi nawo sunkafikako.

"Mayi," anatero, "mwanayu akudya ndi theka la kamwa. Ndipo sanayambe dzulo."

Mawu amenewa sanandichoke mpaka lero. Ndinapita ndi dzino limodzi, ndinauzidwa za mutu wonse.

Mnofu wa patsaya uja madokotala amautcha masseter. Umachokera pa fupa la tsaya kutsikira pa ngodya ya nsagwada, ndipo ndi umene umatseka kamwa mwamphamvu. Wa m'mbali mwa mutu uja ndi temporalis, wotambalala, umene umakoka nsagwada m'mwamba ndiponso kuibweza m'mbuyo. Mkati muli ina iwiri mbali iliyonse, imene imathandiza kuyendetsa nsagwada uku ndi uku pophwanya chakudya. Yonseyi simangogwira ntchito mwachimbulimbuli. Dzino lililonse linamangiriridwa ku fupa ndi timitsempha tating'ono kwambiri timene timamva kulemera kulikonse kogwera pa dzinolo, n'kutumiza uthenga ku ubongo. N'chifukwa chake ukaluma kamchenga mumpunga, nsagwada imaima yokha iwe usanaganize. Tsono dzino likamapweteka nthawi iliyonse likakhudzidwa, uthenga wake umakhala umodzimodzi: chepetsa mphamvu kuno. Minofu imamvera. Lilime limaphunzira kukankhira chakudya mbali inayo. Mwana sakhala pansi n'kusankha zimenezi, thupi limamusankhira. Mbali imene yatsala ndi ntchito yonse imatha kutopa, ndipo ana ena amadandaula kuwawa kwa tsaya kapena mutu m'mbali.

Si maswiti

Vuto la dzino la mwana wangali lili ndi dzina lalitali, molar incisor hypomineralisation, koma onse amangoti MIH. Dzinali linakhazikika mu 2001 kudzera mwa akatswiri atatu a mano a ana: Karin Weerheijm wa ku Netherlands, Birgitta Jälevik wa ku Sweden ndi Satu Alaluusua wa ku Finland. Kafukufuku wophatikiza maiko ambiri amaonetsa kuti ana 13 kapena 14 pa 100 alionse ali nalo. Ndi mwana mmodzi pa 7 alionse. Ganizani kalasi ya Sitandade 2 ya kwathu kuno, mmene imadzazira.

Chikuto choyera cha kunja kwa dzino, enamel, ndi chinthu cholimba koposa m'thupi lonse, kuposa fupa. Pafupifupi 96 peresenti yake ndi miyala yokhayokha ya calcium ndi phosphate. Mano anayi aja amayamba kuuma mkati mwa nsagwada cha nthawi imene mwana akubadwa, ndipo mutu wa dzino umamaliza cha m'ma zaka 3. Chinachake chikasokoneza ntchitoyo m'nyengo imeneyi, enamel amapangika kukula kwake konse koma osalimba, wokhala ndi timibowo tosaoneka ndi maso. Amakhala ngati choko: maonekedwe alipo, koma ukakanikiza chimafumbutuka. Dzino limabisala m'nkhama zaka zitatu zina, n'kutuluka lili kale lofooka. Likangokumana ndi linzake la m'mwamba n'kuyamba ntchito, nsonga zimayamba kuthetheka. Zamawanga oyera zimapirirako, zachikasu ndi zabulauni ndiye zofewa kwambiri.

Zimene zimapezeka kawirikawiri m'mbiri ya ana oterewa ndi matenda a paukhanda: kutentha thupi kwambiri mobwerezabwereza, chibayo ndi matenda ena a m'chifuwa, matenda a m'makutu, mavuto pa nthawi yobadwa, kudwala kwa mayi chakumapeto kwa pakati, ndiponso za kumtundu. Adokotala atandifunsa ngati mwanayu anadwalapo kwambiri asanakwane zaka 3, ndinangoseka. Ndi mwana uti wa kuno amene sanatenthepo thupi usiku wonse? Shuga amabwera pambuyo. Dzino likathetheka, zakudya zimakanirira, mwana amaopa kutsuka, kubooka kumathamanga. Pamenepo maswiti ali ndi mlandu wake, koma si amene anayambitsa.

Anthu ena akaona mawanga abulauni amafulumira kunena za madzi a pamjigo. N'zoona kuti m'madera ena m'Malawi muno madzi apansi ali ndi fluoride wopitirira mlingo wa 1.5 mg pa lita umene bungwe la WHO limalangiza, ndipo ana okulira kumeneko amakhala ndi mano amawanga. Koma vuto limenelo limagwira mano ambiri mofanana kumanja ndi kumanzere. MIH imasankha. Dzino limodzi likhoza kunyenyeka, linzake la mbali inayo, lomera mwezi womwewo, lili bwinobwino. Mawanga ake ali ndi malire ooneka bwino. Nthawi zina mano akutsogolo nawo amakhala ndi kadontho koyera kapena kachikasu, poti amaumbika nyengo imodzi. Wanga anali nako kamodzi, kamene tonse tinkangoti ndi chibadwa.

Tsiku lomata

Adokotala anandichenjeza kuti mano oterewa savomera msanga jakisoni wa dzanzi. Timibowo ta mu enamel timalola kuzizira, kutentha ndi tizilombo kufika pafupi ndi mtsempha wa mkati, choncho mtsemphawo umakhala wotupa kale ngakhale dzino lisanabooke. Mwana akamalira kuti akumvabe, nthawi zambiri sakunama. Kafukufuku wa ku Sweden wa mu 2002 anapeza kuti pofika zaka 9, ana amene vutoli linawagwira kwambiri anali atagwiridwa mano amenewa pafupifupi kakhumi kuposa anzawo, ndipo ankaopa mpando wa dokotala wa mano kuposa anzawowo. Mayi aja anadikira, anawonjezera mankhwala, anadikiranso. Ndinawakonda chifukwa cha kudikirako.

Anapala zofewa zonse mpaka anafika pa enamel wolimba, chifukwa chomatira chikakhala pa enamel wofumbutuka, m'mphepete mumathetheka n'kusiya mpata. Kenako anasakaniza ufa ndi timadzi pa kapepala, n'kumata. Chimenechi ndi glass ionomer. Chimagwira dzino chokha popanda guluu wina, chimapirira malovu pang'ono, ndipo chimatulutsa fluoride, amene pa mlingo wochepa amalimbitsa dzino, pang'onopang'ono. Kuipa kwake n'kwakuti chimaperepeseka msanga pamalo otafunira. Chomatira china choyera chija chimene amaumitsa ndi nyali yabuluu, composite, n'cholimba kuposa, koma chimafuna pouma kwenikweni ndi mwana wokhala phee. Pa dzino limene langomera kumene, nkhama zikadali m'mbali, ndi mwana wamantha, glass ionomer ndi poyambira pabwino.

Ndinadzamva pambuyo pake kuti njira yomata ndi glass ionomer pogwiritsa ntchito zida za m'manja zokha, popanda makina oboola kapena magetsi, inayambira pafupi pompano, ku Tanzania, m'zaka za m'ma 1980, ndi dokotala wa ku Netherlands Jo Frencken, ndipo inayesedwanso kwa ana asukulu ku Zimbabwe. Mu 2021 WHO inaika glass ionomer pa mndandanda wa mankhwala ofunika kupezeka paliponse, pamodzi ndi mankhwala otsukira mano a fluoride. Choncho si chinthu cha anthu olemera. Chikasowa pachipatala, si chifukwa choti n'chapatali.

Atamaliza anatulutsa kapepala kopyapyala kabuluu, n'kukaika pakati pa mano. "Luma, tap tap tap. Tsopano pukusa uku ndi uku." Atakachotsa, panali timadontho tabuluu pa mano. Pa chomatira paja panali dontho lalikulu lakuda bii. Anapala pang'ono, kuikanso pepala, kupalanso, mpaka timadontho tinagawanika pa mano onse a mbali imeneyo.

Apa m'pamene pali nkhani yonse ya kalumidwe. Timitsempha tija timamva kusiyana kochepa zedi, kocheperapo kuposa kukhuthala kwa tsitsi limodzi. Chomatira chikatalika pang'ono pokha, dzino limenelo limayamba kugunda anzake asanafike, mphamvu yonse ya masseter n'kugwera pa ilo lokha. Limayamba kuwawa polumira, ndipo mwana amabwerera ku mbali yake yakale, ngakhale bowo latsekedwa. Chikafupika kwambiri, dzino silikumana ndi linzake, chakudya sichiphwanyika, ndipo m'kupita kwa nthawi la m'mwamba limatsika kufunafuna pogunda. Kumata dzino la mwana sikutseka bowo kokha, ndi kubwezeretsa msinkhu ndi timapiri timene linzake lizigweramo.

Dzino linachira, tsaya linatsalira

Kulasa kwa madzi ozizira kunatha msanga. Mswachi unayamba kufika kumapeto popanda misozi, ndipo nkhama zofiira zija zinayera. Koma mutu unkapendekekabe pa chakudya. Nditamufunsa ngati likupweteka anati ayi, koma "likumveka lalitali". Tinabwerera. Adokotala sanadabwe. Anati munthu wa dzanzi saluma mmene amalumira masiku onse, makamaka mwana amene wakhala nthawi yaitali akuzemba mbali imeneyo, choncho kapepala ka tsiku loyamba sikanena zonse. Anaikanso kapepala kabuluu, anapeza kamalo kamodzi cham'mbali kamene kankagunda akapukusa nsagwada, anapala mphindi yochepa, basi.

Ngakhale pamenepo chizolowezi sichinachoke tsiku limodzi. Ululu unali utapita koma lilime linkakankhirabe kumanja, poti ndi njira imene linaidziwa. Anatilangiza kuti tisamukalipire patebulo, tingomukumbutsa mwamasewera, kuyambira ndi zofewa: nthochi kumanzere, mbatata yophika, nsima ndi mazira. Kenako zolimbirako, buledi wokhala ndi khungu, nyama yofewa, mtedza. Nzimbe ndi chimanga chokazinga anati zidikire, osati chifukwa cha minofu koma chifukwa cha chomatiracho.

Madzulo ena ndinkaika zala pamasaya ake monga anandiphunzitsira, iye n'kumaseka kuti ndikumugirigisha. Pang'onopang'ono kumanzere kunayamba kuyankha nthawi imodzi ndi kumanja. Sindinganene kuti zinafanana ndendende, ndipo adokotala anati zisatero n'komwe: anthu ambiri ali ndi mbali imene amakonda kutafunira, ndipo palibe vuto. Vuto ndi pamene mbali ina yatsekedwa ndi ululu.

Chimene chinandilimbitsa mtima n'chakuti ana amasintha msanga kuposa akuluakulu. Nsagwada zawo zikukula, mano akusunthabe. Madokotala akaveka dzino la mwana chisoti chachitsulo, chija chonyezimira chokuta dzino lonse, nthawi zina kalumidwe kamakwera pang'ono tsiku loyamba, koma pakapita masabata ochepa mano amakhazikikanso n'kukumana bwino. Njira ina yovekera zisoti zimenezi pa mano aubwana popanda kuboola imatchedwa dzina la Norna Hall, dokotala wa ku Scotland amene anaiyamba, ndipo imadalira kusintha komweku. Koma izi sizikutanthauza kuti mwana akati dzino likumveka lalitali tizingoti azolowera. Pali kusiyana pakati pa kukwera kumene dokotala wakonza dala ndi kamalo kamodzi kogunda molakwika, ndipo woweruza ndi kapepala kaja, osati ife.

Kuzula kuli ndi nyengo yake

Kwathu kuno dzino likavuta, mawu oyamba ndi akuti "kazuleni". Sindikuimba mlandu aliyense. Madokotala a mano ndi ochepa kwambiri moti ntchito yambiri m'zipatala za m'maboma imagwiridwa ndi madental therapist, ophunzitsidwa ntchito ya mano koma amene si madokotala, ndipo anthu amafika dzino litaola kale, tsaya litatupa. Sukulu yophunzitsa madokotala a mano m'dziko muno inangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, imene pano ili pansi pa Kamuzu University of Health Sciences, mothandizana ndi University of Glasgow. Ndondomeko ya dziko ya zaumoyo wa m'kamwa inakhazikitsidwa mu 2022. Zinthu zikuyenda, koma mzere wa pabenchi ukadali wa anthu odzazula.

Chimene sindinkachidziwa n'chakuti pa vuto ili kuzula nthawi zina ndi nzeru, bola kuchitike pa nthawi yake. Kumbuyo kwa dzino la zaka 6 kuli lina limene limamera cha m'ma zaka 12. Dzino lowonongeka kwambiri likazulidwa mwana ali pakati pa zaka 8 ndi 10, pamene X-ray ikuonetsa kuti mizu ya lakumbuyolo yangoyamba kupangika, limatha kusunthira kutsogolo likadali m'fupa n'kudzamera pafupifupi pamalo a lozulidwalo. Mukachedwa, makamaka m'munsi, limamera mopendekeka, pamatsala mpata, la m'mwamba limatsikiramo, ndipo mwana amakula ndi mbali imene sigaya bwino. Mukafulumira kwambiri, mano a kutsogolo kwake amatha kusokonekera. Choncho ngakhale dzino limene aliyense akuona kuti silidzakhalitsa, kulimata kuti lifike pa msinkhu woyenera kuzulidwa si kutaya ndalama. Ine ndimaona kuti apa m'pamene makolo tiyenera kuumirira pang'ono. Musanavomere kuti dzino lalikulu lakumapeto la mwana wa zaka 6 kapena 7 lizulidwe, funsani ngati ndi laubwana kapena lachikulire, ndipo ngati lingathe kusungidwa kaye.

La mwana wanga anati lingasungike. Glass ionomer ija ikuperepeseka monga ananenera, ndipo ulendo uliwonse amaiyeza ndi kapepala kabuluu kuti aone ngati msinkhu ukadalipo. Ikadzatsika kwambiri tidzasankha pakati pa composite ndi chisoti chachitsulo, malinga ndi kuchuluka kwa enamel wolimba amene watsala. Mwa mano atatu enawo, awiri ali ndi mawanga koma sanathetheke. Amenewo anawapaka vanishi ya fluoride n'kutseka timingalande ta pamwamba pake kuti zakudya zisamakanirire. Lachinayi lilibe kanthu.

Ulendo wapitawu ndinatenganso mlongo wake, wa zaka 5. Mano ake achikulire sanayambe kutuluka, koma adokotala anayang'anitsitsa mano aubwana akumapeto kwenikweni. Anati amenewo amaumbika nyengo yoyandikana ndi ya mano a zaka 6, ndipo akakhala ndi mawanga achikasu, mwayi woti achikulirewo adzatuluke ofooka umakhala waukulu. Pa limodzi la m'mwamba anapezapo kadontho. Anandiuza kuti nkhama za kumbuyo zikangoyamba kutupa, nsonga yoyera n'kuonekera, ndibwere naye mwezi womwewo, dzinolo lisanakumane ndi linzake.